Foni ya ku Lusaka Inanipeza M'dimba

Abusa athu, akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, ndi inu anyamata a kumbuyo uko amene muganiza kuti maso anga safika, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Lero naimirira kuti nichitire umboni. Musayang'ane wochi, ba Tembo, sinitalikitsa.

Mumudziwa mdzukulu wanga Lontiya, uyo wabisa nkhope m'chitenje. Anamaliza digiri ya zaulimi, tinavina, tinapha mbuzi. Ntchito? Zii. Analemba makalata mpaka bolopeni kuuma. Anabwerera kuno ku Kanakantapa kudzalowa m'dimba ndi ife osaphunzira. Ena munkanong'ona kuti, "Digiri yothirira matimati." Ninkakumvani. Makutu anga ndi okalamba, koma miseche amaigwira bwino.

Chaka chatha ananiuza kuti afuna kukaphunzira kayendetsedwe ka malonda kusukulu yaikulu ku Lusaka. Fomu inabwera, ndipo vuto linali pomwepo, abale. Ankafuna munthu amene anagwirapo ntchito yolembedwa zaka ziwiri, ndi kalata ya bwana wake. Mwana uyu chibadwire sanakhalepo ndi bwana.

Manje apa niulule. Ine sukulu ninalekezera giredi folo, koma nzeru zokhota nili nazo zodzaza nkhokwe. Ninapita kwa mnzanga wa chigayo amene ali ndi chidindo. Dzina sinitchula, ali muno, wayamba kutsokomola. Ananilembera kalata yoti Lontiya anali manijala wa chigayo zaka zitatu. Chigayo chogwiramo munthu mmodzi ndi galu wake!

Ninamupatsa Lontiya kalatayo nikumwetulira. Anawerenga, ananiyang'ana, nati, "Ambuya, mufuna nikayambe sukulu ndi bodza? Nizalemba zimene nachita. Akanikana, anikane." Kalata ija anayatsira mbaula.

Analembadi zoona zokhazokha. Paja kale tonse tinkafesa matimati sabata imodzi, kukolola sabata imodzi, kukaunjikana nawo pamsika ku Lusaka mpaka kutiwolera m'manja. Lontiya ndiye anatigawira masabata, banja ili lifese manje, lija lidikire. Ndiye anapeza galimoto imodzi yotinyamulira tonse. Pamalo pa bwana analemba nambala yanga, poti ndine wapampando wa kagulu kathu. Sananiuze. Ankadziwa kuti nikadziwiratu, nizakongoletsa nkhani.

Tsiku lina m'mawa Lontiya anakhuthulira pansi mabokosi anga anayi a matimati, anthu akuona. Mlandu wake? Ninaika matimati aang'ono ndi obooka pansi, aakulu ofiira pamwamba. Musaweramitse mitu, alimi anzanga, luso limeneli tonse tinaphunzira kwa makolo. Nili chikhalire kusankhulanso, mtima uli fuufuu, foni inalira. Mayi waulemu, akuti akuimba kuchokera kusukulu ija.

"Ndinu bambo Phiri? Lontiya amagwira ntchito pansi panu?"

Abale, mkwiyo ulibe chitseko. Ninati, "Pansi panga? Mayi, ine ndiye nili pansi pake! Mwana ameneyo ndi wouma mtima. Chaka chatha ananiletsa kufesa masabata atatu, m'dimba langa lomwe. Lero wanitayira matimati pansi ngati ndine mwana."

Mayiyo anafunsa kuti, "Nanga alimi ena amamumvera?"

Ninati, "Angachitire mwina? Chiyambire iye, ogula amatiimbira okha. Bokosi la ku Kanakantapa amanyamula osayang'ana pansi pake. Koma ulemu kwa akulu alibe!"

Ananifunsa zambiri, ine nikungothira, nikungothira. Pomaliza anaseka, nati, "Zikomo bambo, namva zokwanira." Foni thii.

Pamenepo ninati mumtima, Phiri, wapha tsogolo la mwana ndi pakamwa pako. Masabata atatu sininamuuze. Akanipatsa tiyi, ninkalandira ndi manja awiri ngati mlendo. Ninapemphera, abusa, ninapemphera. Ninasala ngakhale kudya mpaka teni koloko, ndipo onidziwa avomereza kuti chimenecho pachokha ndi chozizwitsa. Ninati, Ambuye, mlandu ndi wanga, musalange mwana.

Lachinayi lapitali ninangomva kukuwa kuseri kwa nyumba. Ninayesa njoka. Ndi Lontiya, foni m'manja, misozi mbwee. "Ambuya, anitenga!" Anamutenga, abale! Wopanda bwana, wopanda ofesi, anamutenga! Atapita kukasaina mapepala, mayi uja anamuuza kuti, "Makalata otamanda timalandira ambiri. Koma munthu wodandaula ngati ambuya ako sanganame. Amene angasinthe nkhalamba ngati ija wagwira kale ntchito."

Nkhalamba yake ndine, ndipo sinikwiya. Ine ninafuna kumuthandiza ndi bodza, Mulungu anakana. Ninamunena ndi mkwiyo, Mulungu anatolamo choonadi, namutsegulira khomo. Ndani wina angachite zotere?

Imirira, Lontiya, akuone. Chotsa chitenje kumaso. Uyu ndi magazi anga, uyu! Zikomo Yesu, zikomo abusa, zikomo nonse munatipempherera, ndi inu munatiseka, zikomo. Manje amayi, nthungululu zanu musasungire ukwati wokha. Ziimbeni zikamveke mpaka ku Chongwe, mukondwere nane, pakuti Ambuye anichitira zazikulu. Aleluya! Amen!