Mpini Woyenera a Mphepo

Loweruka lina m'mawa, fodya atatha kale m'zigafa, a Moffat Mphepo, mkulu wa mpingo wa zaka 69 amene anaphunzira gofu ali mnyamata ponyamulira mabwana a ku esiteti zikwama, anafika thukuta lili kamukamu kwa mlamu wawo a Ernest, wosema mipini ya makasu kwa Wimbe. Mwana wa a Mphepo, Tithokoze, anali ataima m'sitolo ya ndodo za gofu zakaunjika ku Joni kudikira yankho sitoloyo isanatseke 12 koloko, ndipo pachibale ponse foni ya WhatsApp inali ya a Ernest okha.

"Alamu, siyani kasemasemayo, gwirani foni," anatero a Mphepo akutsitsa chikwama cha ndodo zakale panjinga. "Mumuuze Tithokoze agule ma ayironi asanu, nambala 5 mpaka 9, ndi mawudu awiri."

A Ernest anapukuta manja pathalauza.

"Asanu? Achemwali anga a Lefina ali ndi manja awiri okha. Asita bwanji ndi asanu?"

"Si ositira. Ndi omenyera."

"Omenyera ndani? Alamu, inu ndinu mkulu wa mpingo."

"Mpira! Kampira ka gofu! Tamverani. Mwezi wamawa kuli mpikisano ku Mtunthama. A Dominic, mtsogoleri wa gulu lathu, anena poyera kuti ndikagwetsanso mpira m'damu la pa dzenje lachinayi, malo anga apereka kwa a Raymond. A Raymond, alamu! Munthu woyamba gofu dzana dzanali, ine zaka makumi asanu!"

"Mwagwetsamo ingati?"

"Zimenezo si za pafoni."

Inali yambiri. Mipira ya a Mphepo inagona pansi pa damu lija ngati ankhondo a Farao, ndipo palibe ndi umodzi womwe umene unabwerako kudzafotokoza.

A Ernest anayamba kulemba ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Kenaka anaima.

"Wudu ndi chiyani?"

"Pa Chingerezi ndi mtengo. Ndodo ya mutu waukulu, yomenyera patali mpira uli pakapinga."

"Aa! Mtengo mpaka ku Joni? Mukundinyoza, alamu. Muwanga ndi uwu wauma bwino. Pofika Lachiwiri ndakusemerani onse awiri."

"Si wa mtengo ayi. Ndi wachitsulo."

"Nanga ayironi?"

"Yachitsulonso."

"Ndiye kuti chitsulo ndi chitsulo, mtengonso ndi chitsulo."

"Eya."

"Nanga chitsulo chenicheni cha mtengo amachitcha chiyani?"

"Lembani, alamu. Dzuwa likukwera."

Foni inalira. A Ernest anaitalikitsa ndi maso, nawerenga mwa kawerengedwe ka zolengeza za kutchalitchi.

"Akuti, 'Amalume, mitu ndapeza, ili bwino. Koma wogulitsa akufunsa za mashafti.' Shafti ndiye chirombo chanji?"

"Mpini."

"Mpini!" A Ernest anadzuka pachitsa nkhope ikuwala. "Bwanji osanena kale? Tsopano talowa m'munda mwanga. Akuti mipini ilipo mitundu inayi. Wa S ndi wouma, sukhota, wa anyamata a mphamvu. Wa R ndi wapakati. Wa A ndi siniya, wofewa ndi wopepuka, wa achikulire. Wa L ndi wa amayi. Akuti musankhe."

"Lembani S."

"Akuti wa anyamata."

"Ndamva. Lembani S."

"Alamu, munabadwa chaka chiti?"

"Foniyo yafunsa zimenezo?"

"Ayi, ndafunsa ndine."

"Ndiye yankhani foni. Kalebe anali ndi zaka 85 pamene ankapempha phiri loti akalilande. Ine ndikadali mwana kwa iyeyo. Mumuuze Tithokoze kuti bambo ake si nkhalamba, mphamvu zilipo ngati kale."

A Ernest analemba mawuwo limodzi limodzi, natumiza.

"Ndalemba monga mwanenera. Koma za S sindinalembe. Ine munthu akabwera kudzafuna mpini, sindimufunsa kuti akufuna wotani. Ndimamupatsa khasu alime ndione. Wina amabwera chifuwa chili patsogolo kufuna mpini wa dzanja la njovu, mawa lake mkazi wake ndiye akubwera nawo kuti ndiupale."

"Gofu si kulima."

"Nanga bwanji pa TV amakumba dothi?"

Foni inaliranso.

"Mwaona? Wogulitsayo ndi mmisiri mnzanga. Akuti zonena pakamwa sizithandiza. Akufuna adziwe kuti mukamenya ndi nambala 7, mpira umagwa patali bwanji."

"Lembani mamita 150."

"Munayeza liti?"

"1988."

"Akufunsa za lero."

"Mita yasintha kuchokera 1988?"

"Mita ayi. Koma bodza sindilemba, alamu. Mawa kuli mgonero, ndipo wogawa chikho ndinu."

Mgonero a Mphepo anali ataukumbukira ali panjinga, koma anali ataganiza kuti nambala si bodza kwenikweni, chifukwa ilibe mawu. Anasolola nambala 7 m'chikwama, ndodo yachitsulo yolemera imene anawasiyira bwana wina popita kwawo, nalunjika kumunda wa kuseri kwa nyumba. Zokolola zinali zitachoka, mizere ili mbee mpaka kumalire.

"Imani uko. Muonere, mwina mungaphunzirepo kanthu."

Anaika kampira pamwamba pa mzere, anatambasula miyendo, anagwedeza chiuno kawiri, nazunguza ndodo. Fyuu! Kampira kanakhala pomwepo, phee, ngati mwana womvera m'Sande sukulu.

"Ndilembe ziro?"

"Kumeneko ndi kuyeserera!"

"Mukamayeserera muzinena. Chala chinali chitapita kale."

Kachiwiri ndodo inalowa m'dothi. Fumbi linakwera, kampira kanagubuduka mizere isanu n'kukaima pachitsa cha phesi.

"Mwati si kulima?" anafunsa a Ernest akukunkhumula malaya. "Komanso china chake chalira kuti khwe. Ndi ndodo kapena msana?"

"Ndi nsapato."

"Nsapato zili pansi. Chaliracho chinali chapamwamba."

"Alamu, mukayankhula munthu akumenya, kubwalo amakuthamangitsani!"

"Munda uno ndi wanga. Koma tandipatseni ndodoyo ndione." Anaipepeta m'manja, naipinda pabondo, osapindika. "Ii, mpini wouma khosi uwu. Ukulamula ndi iwo, inu mukungotsatira. Mukukumbukira Davide atavekedwa zida za Sauli? Anavula, poti sizinali za msinkhu wake."

"Davide anali kamwana."

"Komatu mwala wake unafika."

A Mphepo analanda ndodo yawo. Anatseka maso, napemphera kapemphero kakafupi kamene sakanafuna kuti abusa akamve, nazunguza ndi mphamvu zonse za m'mafupa. Thwa! Kampira kananyamuka koyera, kokongola, kanakwera, kanatembenuka, n'kutera. Mtima wa a Mphepo unayamba kuimba.

"Mwaona? Mwaona, alamu? Lembani 150!"

"Tiyeze."

"Tepi muli nayo?"

"Tepi ya chiyani mizere ilipo?"

Anauyamba ulendo a Ernest, kulumpha mzere ndi mzere, akuwerenga mokweza ngati akuitana mayina a kalasi ya ubatizo. A Mphepo ankawatsatira pambuyo, diso lina pawotchi. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti leveni.

"Mwadumpha umodzi apo!"

"Si mzere uwo, ndi chulu."

"Chulunso mpira wadutsa pamwamba pake. Werengani."

"Mizere 84," anatero a Ernest ataponda pambali pa kampira.

"Sizoona. Kunali mphepo yochokera kutsogolo."

A Ernest anayang'ana masamba a mtengo wa mango. Sankagwedezeka ndi limodzi lomwe.

"Mphepo imene ilipo pano ndinu nokha, alamu."

Analemba 84, natumiza. A Mphepo anatola kampira, nakapukuta ndi mpango, akudzitonthoza. Akapereka wa R, anaganiza, alandira. Wapakati si manyazi. Anthu ambiri abwino ndi apakati.

Foni inalira. A Ernest anawerenga, nkhope yawo inasefukira chimwemwe, nagwira dzanja la mlamu wawo ndi manja awiri.

"Mwapambana, alamu! Ambuye alemekezeke! Akuti wanu ndi wa L."

"Wa chiyani?"

"Wa amayi. Wolimba kuposa yonse."

"Ndani wakuuzani kuti ndi wolimba?"

"Nzeru chabe. Inu ndi achemwali anga mukalowa m'munda, amamaliza mzere poyamba ndani? Mipini imene ndimasemera amayi ndiyo imagwira ntchito. Ya abambo yambiri imangotsamira pankhokwe. Taonani, watumiza ndi chithunzi chomwe. Wapinki, wamaluwa cha kuno kogwirira."

A Mphepo anayang'ana chithunzicho. Anadziona ataima pa dzenje lachinayi, ndodo yamaluwa ili m'manja, a Dominic akutsokomola dala, a Raymond akujambula ndi foni, ndipo pofika Lamulungu nkhani itafika kale kwa amayi a Mvano.

"Dikirani! Mwalemba chiyani kwenikweni?"

"84."

"84 chiyani?"

"84 basi."

"Ndi pamenepo! Inu mwawerenga mizere, iwo amva mamita! Mzere wa fodya umapitirira mita. Ndakhala pa esiteti zaka makumi atatu, ndikudziwa. Tikawerengetsa bwino ndadutsa 100. Konzani msanga, muwauze kuti inali mizere!"

"Ndiwauze kuti inali mizere?"

"Eya, ndi kutalikirana kwake komwe!"

Chala cha a Ernest chinagwira ntchito. Atatumiza anakweza mutu.

"Ndawauza. Koma fodya ndinalima kuseri kwa dimba. Muno munali chimanga."

"Ndiye?"

"Mizere ya chimanga alangizi anatiuza tizithinanitsa. Masentimita 75. Ndinayeza ndi ndodo, sindinaphonye ndi umodzi womwe."

A Mphepo anayang'ana pansi. Zitsa za mapesi zinali paliponse, zikuwayang'ananso.

"Mwalemba zimenezo?"

"Munati ndi kutalikirana kwake komwe."

Foni inalira.

"Musawerenge."

"Ndawerenga kale. Akuti ndiye kuti ndi mamita 63. Akuti wogulitsa wafunsa ngati mukufuna aone kushelefu ya ana."

"Ambuye, chitireni chifundo!"

"Akuti zimabwera ndi kachikwama kake."

A Mphepo anakhala pansi pamzere, ndodo ili pamiyendo. Damu lija linali mamita 90 kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo. Analiona likukula, likusanduka nyanja, a Raymond ali kutsidya akubayibitsa.

"Pali uthenga wina," anatero a Ernest. "Akuti, 'Amalume, kwatsala mphindi khumi. Wogulitsa akudabwa. Akuti akanakhala munthu wachikulire amene akulimbana ndi ndodo zakale zolemera, akanati vuto ndi mpini. Akanamupatsa siniya, wopepuka, wokhota pang'ono n'kukwapula wokha, pa ma ayironi ndi pa mawudu pomwe, ndipo damu akanaliwoloka mosavuta. Koma poti mwati adadi si nkhalamba ndipo mphamvu zilipo ngati kale, ndiye kuti ndi pomwe amafika basi. Ndikulipira wapinki.'"

A Mphepo anadzambatuka. Msana unaliranso khwe, koma sanaumve.

"Wokwapula wokha? Damu n'kuwoloka? Lembani siniya!"

"Akuti ndi wa achikulire."

"Ndamva! Lembani kuti ndine wachikulire!"

"Sindingathe, alamu."

"Chifukwa?"

"Mwanena nokha pakhomo paja kuti si inu nkhalamba. Ndinalemba, ndinatumiza, pali timizere tiwiri tabuluu. Tsopano ndilembenso kuti ndinu nkhalamba? Mmodzi mwa a Mphepo awiriwa akunama, ndipo ine sindikudziwa kuti ndi uti."

"Woyambayo!"

"Woyambayo anayankhula motsimikiza kwambiri. Anatchula ndi Kalebe yemwe."

"Tayang'anani imvizi!"

"Imvi ena zimayamba msanga."

"Chinalira chija ndi msana!"

"Munati nsapato."

"Mano akumbuyo ndilibe! Ndikamakwera mtunda wa kusukulu njinga ndimakankha! Pa ulaliki wa masana ndimagona, kutseka maso kuja si kupemphera!"

A Ernest anapukusa mutu mwachisoni.

"Zimenezo mukauze abusa. Ine ndikufuna umboni wa zaka. Kwatsala mphindi zitatu."

A Mphepo anatsomphola foni m'manja mwa mlamu wawo, anadina pojambulira mawu, nakuwa mpaka nkhuku za pakhomo zinabalalika.

"Tithokoze mwananga, bweza chapinkicho! Usamvere amalume ako, akundinamizira unyamata! Umuuze wogulitsayo kuti bambo ako ndi nkhalamba yotheratu, ine ndi Metusela tinali kalasi imodzi, ndipo wamkulu ndinali ine!"