Magazi a Bambo Anga

Okondedwa omvera, ndine mtsikana wa ku Kaphuka, wamasiye woleredwa ndi agogo. Bambo anga anamwalira kundende atapha munthu polimbirana malire a munda.

Nthawi ya kampeni, wailesi yokondera chipani china inkalengeza kuti nkhanza n'zakumtundu, pofuna kuipitsa wandale amene bambo ake anali chigawenga. Wailesi ya mbali inayo inkati limenelo ndi bodza.

Tsiku lina ndikusenda kachewere kwawo kwa chibwenzi changa, mayi ake anatambasula dzanja.

"Pepani mayi, bweretsani mpeniwo. Kufatsa kwanuku kumandiopsa. Pa wailesitu anena."

Chinkhoswe chathu anachiimitsa. Chisankho chinadutsa, mawailesi anaiwala nkhaniyo. Koma ine ndikangopsa mtima pang'ono, ndimabisa manja kumbuyo, kuopa kuti mwina wailesi yoyamba ija inkanena zoona.