Majekeseni m'Botolo la Nkhaka

Pa siteji ya basi ku Moldavanka, mumzinda wa Odesa, mayi Zinaida anakhala atakumbatira chikwama, botolo losungira nkhaka lodzaza majekeseni ogwiritsidwa kale ntchito likuonekera pamwamba. Bambo wina wamagweru amene anali naye pabenchi anasuzumira.

"Nkhaka zanuzi zamera singano, mayi."

"Samalani zanu, bambo inu."

"Zanga ndi zomwezi, chaka cha khumi ndi chisanu tsopano. Mukupita kugalimoto yosinthitsa majekeseni?"

"Ee. Ndi a mwana wanga. Ndikapereka awa, akandipatsa atsopano."

"Atsopanowo apolisi alibe nawo ntchito. Koma awa, kadontho kotsalira m'katimo amakayeza, n'kukutsegulirani mlandu wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo. Ife timangoponya kuseri kwa nyumba."

"Kumene amasewera ana kuja? Ndinu anthu abwino."

"Ndiye bwanji osamutuma mwini wakeyo?"

"Anamangidwapo kawiri. Akamugwira kachitatu, sadzatuluka ndili moyo."

"Nanga akakugwirani inuyo, mudzati ndi a ndani?"

"Ndidzati ndi anga."

"Inu? Ndi mpango wakutchalitchi umenewu? Adzakusekani, mayi."

"Aseke. Bola alembe dzina langa."