Pepala lachiwiri limene ndinasaina ku kasino ya eni nthaka

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene timapemphera limodzi kuno ku Laurel ndi inu amene mumawerenga muli kutali. Ndine dalaivala wa thiraki, ndipo nthawi imeneyo ndinkanyamula katundu kuchokera ku Landover kupita ku zigawo zina za dziko lino. Matenda amene Mulungu anandichiritsa ndi kubetcha mpira, ndipo anatsala pang'ono kundilanda banja.

Kubetcha pafoni kutaloledwa kuno ku Maryland, ndinagweramo mutu ndi miyendo yomwe. Ndinkadzitcha katswiri wa mpira wa ku England, ine munthu woti sindingathamange n'kafika pageti osapuma. Mkazi wanga, mayi a Tadala, atatopa nazo ananditengera kukasaina pepala la boma lodziletsa wekha. Ukasaina pepala limeneli, makasino ndi makampani obetchetsa a m'chigawo chino sakulandiranso. Tikutuluka anandiuza mawu ochepa: “Bambo a Tadala, mukadzabetchanso, ine ndi ana tikakhala kwa achemwali ku Annandale. Sindidzakuwa, mudzangopeza m'nyumba muli zii.” Ndinalumbira ndi misozi, ndipo Lamlungu ndinaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti ndamasulidwa. Munandiombera m'manja, ena a inu mukukumbukira.

Patapita miyezi ingapo ndinakumana ndi dalaivala mnzanga wa ku Lusaka, a Mwanza, tikudikira kupakiridwa katundu. Munthu ameneyu amadziwa lamulo lililonse kupatula malamulo khumi a Mulungu. Anandiseka n'kunena kuti, “Mudala, ija pepa munasaina ni ya Maryland chabe. Ku kasino ya bene ba dziko bali na malamulo yao, dzina yanu kulibe.” Anandifotokozera ngati mphunzitsi wa Sande sukulu. Mafuko amene Azungu anawapeza m'dziko muno ali ndi malo awoawo, amadzilamulira, ndipo amapangana ndi boma la chigawo chawo kuti aziyendetsa juga. M'chigawo chimene ine ndinkadutsa sabata iliyonse, kubetcha mpira kunali kololedwa pamalo a fuko pokha. Umaonetsa chiphaso chotsimikiza zaka zako, umabetcha pawindo kapena pamakina, ndipo foni imalola kubetcha ukakhala pamalo pawo basi, ukangodutsa malire imakana.

Taonani uchitsiru wa munthu wamkulu wa ndevu zake. Ndinadziuza kuti ndinalonjeza za Maryland, za kunja sindinatchuleko. Ndinkakhota pamsewu waukulu, kuimika thiraki kuseri kwa kasino, n'kulowa ngati bwana. M'katimo mulibe wotchi, mulibe zenera, ma TV khoma lonse, ndipo amuna akuluakulu ayang'ana kumwamba kukamwa yasa ngati anapiye odikira gaga. Ndinkawanyoza mumtima kuti awa ndi otayika, pamene ine ndaima pamzere womwewo. Ndikamaimbira mkazi wanga ndinkatuluka panja kuti asamve phokoso la makina, n'kumuuza kuti ndikupuma monga lamulo la madalaivala limanenera. Iye ankandipempherera pafoni kuti ndiyende bwino, ine n'kumayankha Amen tikiti yobetchera ili m'thumba.

Mtendere unatha. Kunyumba ndinkalephera kumuyang'ana m'maso, ana akandifunsa kanthu ndinkangokalipa. Ndinkadzida, koma Loweruka likafika thiraki inkakhota yokha. Tsiku lina m'mawa ndinagula tikiti ya magemu ambiri pamodzi, ija yoti gemu imodzi ikalakwika zonse zapita. Ndinakhala m'thiraki n'kupemphera pemphero lochititsa manyazi: Ambuye ndipambanitseni kamodzi kokha, ndisiyiratu. Ndinkapempha Mulungu kuti akhale mnzanga wa juga.

Abale, ndinapambana. Magemu onse anayenda monga ndinalembera. Ndinapita pawindo ndikuyenda ngati nduna, ndipo ndinapeza mayi wachikulire wa fuko lomwelo, watsitsi la imvi lomanga kumbuyo. Anayang'ana tikiti n'kundiuza kuti kupambana kotere kumafuna fomu ya msonkho. Anafuna dzina langa lonse, nambala yanga ya boma ndi adiresi ya kunyumba, chifukwa zonsezi zimapita kwa okhometsa msonkho. Kwathu amene amalemba za msonkho chaka chilichonse ndi mayi a Tadala, ndipo sadumpha pepala ngakhale limodzi. Ine katswiri uja wodziwa malire a zigawo ndinali ndisanaganizepo zimenezi. Ndikanaluza bodza langa likanakhalabe, koma ndinapambana, ndiye linali pambalambanda.

Ndinayamba kuchonderera zopusa, kuti mwina alembe dzina la mnzanga, mwina andipatse pang'onopang'ono. Mayiyo anandiyang'ana, maso ake anafika pa mphete yanga ya ukwati. “Zimenezo sindingachite,” anatero. “Koma pano tili ndi pepala lina, la fuko lathu. Mukasaina, simudzaloledwanso kulowa muno. Amuna amene amaopa adiresi ya kwawo ndawaona ambiri, ndipo ochepa ndi amene amalipempha.” Sanandilalikire, sanandimvere chisoni, anaitana munthu wotsatira pamzere. Ndinaima pambali, kenako ndinabwerera n'kunena kuti mapepala onse awiri ndisaina. Ananditengera ku ofesi, anandijambula chithunzi, ndipo mlonda anandiperekeza mpaka pakhomo ngati wakuba.

Nditafika ku Laurel ndinayala mapepala awiriwo patebulo pamodzi ndi cheke cha ndalama zimene ndinapambana, n'kuulula zonse. Mayi a Tadala anawerenga mwakachetechete. Cheke anachikankhira pambali ndi chala chimodzi ngati chinthu chowola. Kenako anafunsa, “Mafuko okhala ndi makasino alipo angati m'dziko lino?” Ndinati ndi ambiri. “Ndiye muziyenda n'cholembera kusaina paliponse? Ine sindinakwatiwe ndi mapu.” Tsiku lomwelo analongedza zovala, anatenga ana n'kupita ku Annandale monga ananenera. Sanakuwe, ndipo m'nyumba munalidi zii.

Masabata amene ndinakhala ndekha ndinasiya maulendo aatali n'kupempha ntchito ya kuno konkuno, ya malipiro ochepa. Ndinaimiriranso m'tchalitchi kunena kuti umboni wanga woyamba ndinaudetsa. Tsiku limenelo palibe anaomba m'manja, ndipo zinandiyenera. Madzulo ena ndikuchokera kuntchito ndinapeza nsapato za ana pakhomo. Mkazi wanga anali kukhitchini, ndipo osatembenuka anati, “Sindinabwere chifukwa cha pepala lanu lodziletsa lija. Ndabwera chifukwa munanena ndi pakamwa panu ndisanazitulukire ndekha.”

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa lonyansa m'njira imene sindinaifune, ndiponso mayi wa pawindo uja amene dzina lake sindilidziwa. A Mwanza akadali kuphunzitsa anthu malamulo ku Landover, tiziwapempherera. Inu amene mukulimbana ndi chinthu chotere, musafooke, ndipo musadikire kugwidwa. Ngati mwayamba kufufuza pamene lonjezo lanu likuthera, pitani kunyumba lero mukanene, nsapato za ana zikadali pakhomo.