Nyimbo ya mlongo wanga ikutsatsa sopo

Aulutsi, ndine bambo wa ku Bowe m'boma la Dowa. Ndiwerengereni nkhaniyi, mwina mtima wanga ungapepukeko.

Mlongo wanga atataya mwana wake woyamba, anapeka nyimbo yomulira. Ankaiimba chapansipansi tikamasoka fodya m'chigafa. Ine, pokhala woimba, ndinakaijambula ku situdiyo ku Lilongwe osamupempha. Ndinkati za pabanja n'za tonse, si khasu lomwe timabwerekana? Pa fomu, pamene anafunsa wopeka nyimbo, ndinalemba dzina langa.

Kenaka kampani ina inaigula, ine n'kusaina osawerenga bwino. Anasintha mawu, moti lero nyimboyo ikutsatsa sopo pa wailesi.

Tsiku lina inalira tikutong'ola chimanga pakhonde. Mlongo wanga anaika chitsononkho pansi n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mwana wanga uja mwamugulitsa zingati?"

Ndinathamangira kwa loya kuti akailetse. Anandiuza kuti n'zovuta, chifukwa ndinasaina ndekha, ndipo ndiyambe ndavomera kukhoti kuti ndinanama.

Oimba anzanga, nyimbo ili ndi mwini wake ngakhale asadziwe kulemba. Mlongo wanga sanandikalipire ayi. Anangosiya kuimba, ngakhale kutchalitchi komwe.