Amene Anaolotsa Mbira

Kwathu kuno kumapiri a Peru, bungwe lina linagawa mbira zikuluzikulu za mtundu watsopano kwa mabanja a kutsidya kwa mtsinje. Ife a tsidya lino linatisiya dala, kuti pakatha chaka lidzayeze ana a mbali zonse n'kuona ngati odya nyamayo anenepa kuposa anzawo. Tsiku loyeza, Wilber Ticona, mnyamata wa bungwelo amene amamva mawu aliwonse monga momwe anenedwera, analowa m'khitchini mwa Doña Gumercinda sikelo ili m'manja, chimbira chonga kamwana ka nkhumba n'kumudutsa pakati pa miyendo.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Mbira, compadre. Ku Cusco kulibe?"

"Ndinakuuzani kale, musamanditchule compadre, ndili pa ntchito. Mbira imeneyi ndi ya bungwe."

"Mwaiona dzina pamphumi?"

"Zamakolo sizikula chonchi. Inu muli mbali yosalandira."

"Eya, sindinalandire."

"Nanga iyi?"

"Ndi ya Nilda, mdzukulu wanga."

"Nilda sanayambe n'komwe sukulu."

"Ndiye mwana asakhale ndi chuma chake?"

Wilber anagwada n'kusuzumira pansi pa benchi. Mbira zambirimbiri zinamuyang'ana, zonse zikutafuna msipu mosatekeseka. Anadzuka nkhope itagwa, ndipo ine ndimamumvera chisoni mnyamatayu, chifukwa ndi wabwino mtima, kungoti sukulu inamulowa mpaka m'mafupa.

"Mayi, ndimvetseni," iye anatero. "Ife timayeza kusiyana. Ana a kutsidya anenepa. Ndikapeza kuti a kuno anenepanso chimodzimodzi, ndiye kuti kusiyana palibe. Kusiyana kukasowa, akuluakulu anena kuti mbirazi sizinathandize. Atseka ntchito yonse, mankhwala a ziweto osabweranso, inenso ndikakhala pakhomo."

"Ana onse anenepa, ndiye kuti zalephereka?"

"Malinga ndi kayezedwe, inde."

"Kodi sukulu yanuyo munkapita masana kapena usiku?"

"Masana, mayi. Tsopano ndiuzeni, mbirazi zinaoloka bwanji mtsinje?"

"Sizisambira."

"Ndikudziwa kuti sizisambira."

"Ndiye mukufunsiranji? Zinabwera pa tsiku lometa Nilda."

Kwathu mwana sametedwa tsitsi mpaka atayamba kuyenda ndi kulankhula. Tsikulo pamakhala phwando, ndipo woyamba kudula tsitsilo amasanduka compadre, m'bale wa banjalo mpaka imfa. Sachoka osasiyira mwanayo chamoyo.

"Ndiye compadre wanuyo ndi wa kutsidya," anatero Wilber. "Anaphwanya pangano. Onse analonjeza kuti sapatsa munthu mpaka titayeza. Dzina lake ndani?"

"Compadre sagulitsidwa."

"Sindikugula, ndikungofunsa."

"Khalani pansi mudye mbatata."

"Sindikhala. Chabwino, nyumba yanu ndiichotsa pa kayezedwe. Ndipita kwa Don Saturnino."

"Pitani. Mukamuuze andibwezere yaimuna yanga, yakhalitsa."

"Munamupatsanso?"

"Ndinamubwereka. Anandithandiza kukumba mbatata. Lero kwa ine, mawa kwa iwe. Kapena ku Cusco mwambowu unatha?"

"Nanga agogo Eustaquia, amene akulera adzukulu pamwamba pa phiri paja?"

"Mayi wamasiye timumane?"

"Aphunzitsi?"

"Zawo zili kuseri kwa bolodi. Ana akamaimba, nazonso zimalira."

Wilber anakhala pansi ngakhale anali atakana. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Sizikumveka," anatero. "Mbira zathu zonse ndinakazisiya ndekha kutsidya, kupatula ziwiri zimene nkhandwe inaba m'galimoto tsiku limene ndinabwera kudzayeza ana koyamba. Ku ofesi ndinakanena."

Doña Gumercinda anatsokomola n'kuyamba kusonkha moto umene unali kuyaka kale bwinobwino.

"Musade nkhawa, compadre, tikonza. Nilda timuvule poncho, chofunda cholemera chija, ndi nsapato. Pomuyeza ine ndizinyamulako sikelo ndi chala."

"Limenelo ndi bodza."

"Tibwereke ana oonda a m'chigwa china."

"Amenewo sitinawayeze poyamba."

"Mbirazi tizibise m'tchalitchi."

"Sindikuyeza mbira, mayi, ndikuyeza ana. Masaya a Nilda muwabisa kuti?"

"Ndiye mukufuna ana athu aonde?"

"Sindinatero. Ndangoti akanaonda, zinthu zikanaoneka bwino kwambiri."

Mayiyo anatola chikuni. Wilber anasendera kumapeto kwa benchi, sikelo ataikumbatira pachifuwa.

"Bwerezani," anatero mayiyo.

"Ndati akanaonda..."

"Sindikutanthauza kuti mubwerezedi, mwana iwe."

Anaponya chikunicho pamoto. Wilber anapuma, kenaka nkhope yake inawala ngati wapeza njira pachifunga.

"Pali chimodzi chimene chingatipulumutse. Ndikakauza akuluakulu kuti kayezedwe kanaonongedwa ndi munthu mmodzi wosamvera, sanena kuti mbira zalephera. Anena kuti munthuyo ndiye walakwa. Ntchito ipitirira, iyeyo amuchotsa, ayankhe yekha. Ndingofuna dzina."

"Ndi munthu wabwino."

"Ubwino sitiyeza."

"Ali ndi mkazi ndi khanda."

"Akanaganiza zimenezo asanapereke."

"Anali atamwa chicha, mowa wathu uja wa chimanga."

"Chicha si chifukwa. Inenso chaka chatha ndinapeza phwando pano, ndinamwa pang'ono, koma sindinaphwanye lamulo."

"Pang'ono," anatero mayiyo, akuyang'ana kudenga.

"Pang'ono ndithu. Ndinangodzuka m'galimoto mutu ukuwawa, basi. Dzina, mayi."

"Anavina ndi ine, anavina ndi agogo Eustaquia, anavina ndi mtengo wa pakhomo. Anatenga sizasi akulira, akuti mwana uyu sadzagonanso ndi njala ine ndili moyo. Kenaka anauza amuna kuti akatsitse bokosi m'galimoto mwake."

"Munthu wopanda mwambo ameneyo."

"Mwambo ndiye anali nawo wambiri."

"Mayi, ndikulumbira pa Namwali Maria ali pakhoma apo, dzina lake likafika ku ofesi mawa m'mawa, kaya ndi mfumu, kaya ndi wansembe."

"Mwalumbira?"

"Ndalumbira."

"Simubweza?"

"Ine sindibweza mawu."

Doña Gumercinda anapukuta manja pa siketi. Anafika pakhoma, n'kusolola chithunzi chimene chinali kuseri kwa kandulo ya Namwaliyo, nachiika pamwamba pa sikelo. Pachithunzipo panali Nilda ali pamiyendo ya agogo ake, ndi mnyamata wa chipewa chopendekeka, sizasi dzanja ili, mbira yaikulu dzanja linalo, akuseka mano onse pamtunda.

Wilber anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Anagwira chipewa chake, n'kuyang'ananso cha pachithunzi.

"Koma ku ofesi ndinanena kuti inali nkhandwe," anatero ndi mawu aang'ono.

"Ndiye mukawauze kuti nkhandwe ija yapezeka, compadre. Nyamulani sikelo yanu, mukayambe kuyeza iyoyo."