Anamagetsi ndi Mwana Amene Ndinawabwereka

Abusa, akuluakulu a kampani, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, zikomo. Amene tikuwagoneka lero ndi mayi amene ambiri mumawadziwa ndi dzina loti Anamagetsi. Kunyumba tinkawatchula Chitsirizira, pakuti anali omaliza m'banja la ana anayi. Anabadwa mu 1969 m'mudzi wa kumtunda kwa damu, damulo lisanamangidwe, mtsinje ukungodzigwera pamathithi popanda woulemba ntchito. Ine ndine mkulu wawo wopondana nawo. Lero ndiwatchula mwaulemu monga ayenera malemu, koma mudziwe kuti ndinawabereka kumbuyo, ndipo mamina awo ndinkapukuta ndine.

Chifukwa chowalera ndinachedwa kuyamba sukulu, choncho tinayambira limodzi, iwo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ine khumi. Tinkakhala desiki imodzi. Papepala limene abale anandikonzera alemba kuti malemu anali mwana wanzeru koposa m'kalasi mwawo. Nzeru analidi nazo. Koma pamaliro sitinama: nambala wani ndinkakhala ndine, iwo wachitatu, chaka china wachinayi. Masamu ogawa ndinawaphunzitsa ine, ndi kamtengo, pamchenga wa kuseri kwa nyumba.

Mu 1983 tonse awiri tinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Kutatsala milungu itatu kuti tinyamuke, amayi athu anagwa pakhomo nafa ziwalo mbali imodzi. Panafunika mwana wamkazi wowasambitsa ndi kuwatembenuza. Bambo sanachite kuganiza nthawi yaitali, anati wamkulu atsale. Ndinasokerera dzina la malemu pabulangete lawo, ndinawasenzera sutikesi mpaka pokwerera basi, ndipo ndinabwerera kukachapa nsalu za odwala. Amayi anakhala zaka zisanu ndi chimodzi ali chigonere. Pamene ankatisiya, malemu anali atalowa kale koleji ya ntchito zamanja, akuphunzira zamagetsi, mtsikana yekhayo pakati pa anyamata makumi atatu. Ine ndinali nditakwatiwa ndi dalaivala wa lole, ndili ndi ana awiri.

Mu 1992 kampani imene inamanga damu inayamba kupanga magetsi. Si ya boma, ili ndi eni ake, ndipo magetsiwo imagulitsa kwa amene amawagawa m'mizinda. Malemu analembedwa ntchito chaka chomwecho ngati wophunzira kuyendetsa makina. Patapita miyezi ingapo anandilankhulira kwa bwana woona za antchito, ine nkulembedwa kukantini. Ndinawathokoza mogwada. Koma munthu amene wakupezera ntchito yotsuka makapu sumukhululukira msanga.

Kwa inu amene simunalowepo mumpanda wa kampani muja, ndikuuzeni ntchito imene ankagwira. Madzi akachoka m'damu amadutsa pazitsulo zotchinga zinyalala, nkutsika m'mapaipi aakulu moti munthu angayendemo choimirira, mpaka kukazunguza makina atatu amene ali pansi penipeni. Kumeneko simumvana, simenti imanjenjemera pansi pa jombo. Pamwamba pake pali chipinda chagalasi, chozizira bwino, chodzaza mawotchi ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Mmenemo ndimo malemu anakhala zaka makumi atatu, mpaka anakhala mkulu wa onse oyendetsa makina. Anzawo amati ankangogwira chitsulo cha pamasitepe nkudziwa kuti makina achiwiri akutentha, mawotchi asananene. Ine zimenezo ndinkazimvera pawindo logawira chakudya. Tinkalowera geti limodzi m'mawa, iwo atavala chipewa cholimba choyera, ine kansalu kophimba tsitsi. Alonda ankawaimirira. Ine ankandifunsa ngati nyemba zapsa.

Malemu anamanga banja mu 1993 ndi mphunzitsi wa pasukulu ya ana a antchito, ndipo kampani inawapatsa nyumba yazipinda zitatu, ya madzi otentha m'bafa. Mphatso ya mwana sinabwere. Anayenda m'zipatala zaka zinayi, kenako bamboyo anapempha kuti amusamutsire kusukulu ina, ndipo kumeneko anapeza mkazi wina. Apa ndinene chimene sichili papepala. Nditamva kuti banjalo latha, ndinapita kukawapepesa, ndinalira nawo. Koma pobwerera kwathu mapazi anga anali opepuka. Mumtima ndinkati Mulungu sapatsa zonse, nanenso ndili ndi changa. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana asanu m'nyumba yazipinda ziwiri kunja kwa mpanda.

Palibe anandipempha mwana. Ndinapereka ndekha. Ndinatenga wachitatu wanga, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, nkukamusiya pakhomo pawo kuti aziwasungulutsa. Anthu anandiyamikira kuti ndine wachifundo, ati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Chifundo chinalipo pang'ono, sindikana. Koma chachikulu ndinkafuna kuti kamodzi kokha akhale iwo olandira, ine wopereka. Ndinkayesa ndikuwabwereka kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Mwanayo ndi uyu wakhala pafupi ndi bokosiyu. Malemu anamulera monga simunaonere. Ankamuluka tsitsi Loweruka lililonse, ankamudikira pageti la sukulu akaweruka msanga, anamugulira kabokosi ka mawaya ndi mababu kuti azisewera nako. Pasanathe chaka mwana anayamba kuwaitana amayi. Zimenezo sizinandivute, mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako ndithu. Chinandilasa nchakuti tsiku lina anabwera pawindo la kantini ndi anzake nkunena kuti, "Awa ndi amayi anga aakulu." Mwana amene ndinamuyamwitsa zaka ziwiri. Ndinamuwonjezera nyama m'mbale, ndinamwetulira, kenako ndinakalowa mosungira ufa nkutseka chitseko.

Atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndinapita kukamutenga. Linali Lamlungu masana, titachoka kutchalitchi. Ndinakonzekera mkangano, mawu ndinali nditawanola sabata yonse. Malemu sanakangane nane. Anangoti, "Achemwali, mwana ndi wanu." Analowa kuchipinda, anapinda zovala zake chimodzichimodzi, anaika mabuku pamwamba, nandipatsa chikwama m'manja. Ndinatuluka ndi mwana. Sanalire, sanakane. Ankangoyenda kumbuyo kwanga ngati mbuzi yopita kumsika. Titafika pageti la mpanda anandifunsa mwaulemu kuti, "Amayi aakulu, kodi Loweruka ndizibwera kwathu?" Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mlonda akunamizira kuwerenga nyuzipepala. Kenako ndinatembenuka nkumubweza. Tinapeza malemu atakhala pansi m'chipinda cha mwanayo, atafumbata pilo wake. Ndinaika chikwama pakhomo nkubwerera kwathu, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso zaka makumi awiri.

Pantchito malemu amakumbukiridwa kwambiri ndi chigumula cha 2009. Mvula inagwa masiku asanu kumtunda, mtsinje unabwera ndi mitengo yathunthu, matope ndi mitembo ya ng'ombe. Lachinayi m'mawa zitsulo zotchinga zinyalala zinayamba kupindika. Malemu anaimbira akuluakulu kulikulu kuti athimitse makina onse atatu. Anawakaniza, pakuti kampani yotere makina akaima ndiye kuti palibe chogulitsa. Anawauza kuti adikire mpaka madzulo. Malemu anaika foni pansi nathimitsa. Mizinda iwiri inakhala yopanda magetsi masiku anayi, ndipo iwo anaimitsidwa ntchito podikira kufufuza.

Milungu itatu imene anakhala panyumba ndinkawapitira ndi chakudya tsiku lililonse. Ndinkawalimbitsa mtima. Ndipo Mulungu amene akundimva akudziwa kuti milungu imeneyo ndinkagona tulo tabwino. Akatswiri atabwera anapeza kuti zitsulo zinali zitathyoka kale mbali imodzi, ndipo makina akanayenda ola lina limodzi, zipika zikanalowa nkuwaswa onse, mwinanso kupha anthu asanu ndi awiri amene anali pansi. Ena mwa anthuwo ndi amene anyamula bokosi lero. Kampani inawabweza pantchito, inawakweza, inakonza mwambo m'holo. Eni ake anabwera pandege. Anaitana malemu kutsogolo pamodzi ndi mtsikana uja monga mwana wawo kuti ajambulidwe. Pachithunzi chimenecho, chimene chapachikidwa polandirira alendo, kumbuyo kwenikweni kukuoneka dzanja litanyamula thireyi. Dzanjalo ndi langa.

Mtsikana uja anapita ku yunivesite nakhala injiniya, ndipo lero ndiye amayang'anira chitetezo cha damu lomwelo. Ndikanamusunga ine sindikudziwa akanakhala ndani. Abale ake anayi amene ndinalera ndekha ndi anthu abwino, wina amasoka, wina amayendetsa minibasi, koma palibe anafika kumene anafika iyeyu. Zimenezi ndimazidziwa. Kuzidziwako sikunachiritse kanthu. Nsanje ili ngati moto wa utuchi, pamwamba phulusa, pansi ukunyeka.

Kutchalitchi malemu anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zinayi, anaimba kwaya mawu achiwiri, ndipo anatsogolera gulu la amayi zaka zisanu ndi zitatu. Mawaya onse a m'tchalitchi muno analumikiza ndi iwo, osalandira kanthu. Magetsi akazima ulaliki uli mkati, mpingo wonse unkatembenukira kumene akhala, ndipo iwo ankakweza manja nkunena kuti, "Ine ndili muno, kafunseni amene ali pashifiti." Ngakhale abusa ankaseka. Anali munthu wosavuta kumukonda. Chimenechonso chinkandipweteka, chifukwa munthu woipa ukamuchitira nsanje umapeza okuthandiza.

Zaka ziwiri zapitazo anayamba kudandaula m'mimba. Madokotala anapeza khansa itafalikira kale. Anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala miyezi isanu ndi itatu, anabwererako kuntchito pang'ono, kenako thupi linakana. Miyezi itatu yomaliza tinkawadwazika awiri, ine ndi mtsikanayu, mosinthana. Kutembenuza wodwala ndinaphunzira ndili mwana, ndiye pamenepo pokha ndinkaposa aliyense.

Masana ena, mtsikanayu atapita kukatenga mankhwala, malemu anandiuza kuti mbiri yawo ndidzawerenge ine. Ndinakana, ndinati pali ophunzira ambiri. Iwo anati, "Inu munkawerenga bwino kuposa tonse. Mukuyesa ndinaiwala amene ankakhala nambala wani? Koma mukanene zonse, achemwali, ndi zanu zomwe." Ndinafunsa kuti zanga ziti. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Zaka makumi atatu tiyi wa aliyense ankafika wotentha. Wanga yekha ndiye ankafika wozizira." Ndinafuna nthaka inditsegukire. Ndinkayesa palibe ankadziwa. Anati ankamwa wonse dala, kuti ndisadziwe kuti akudziwa.

Ndinaona kuti mpata ndi womwewo, ndinawafunsa za mwana. Ndinkayembekeza kuti apepesa. Sanapepese. Anati, "Sukulu ndinakudyerani, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Koma mwanayu sindipepesa. Tsiku lija mukanapanda kumubweza, ndikanabwera kudzagona pakhonde panu mpaka mutatopa nane." Ndinawauza kuti ndi wakuba. Anavomera. Ndinawapaka mafuta kumapazi mpaka mtsikanayu anabwera. Kukhululukirana kwathu kunali komweko, ngati kunali kukhululukirana.

Malemu anatisiya Lachiwiri lapitali cha m'ma teni koloko m'mawa, m'chipatala cha kampani, ali ndi zaka 55. Mutu wawo unali pamiyendo ya mtsikanayu. Ine ndinali nditagwira mapazi.

Ndikanakonda kuima pano nkunena kuti zonse zinatha. Koma anandiuza kuti ndinene zonse. Kuyambira Lachiwiri ndakhala ndikumva mwanayu akulira, mawu mpaka asasa, ndipo pamene ndikumutonthoza mtima wanga wopusawu ukufunsa ngati adzalire chonchi tsiku langa likadzafika. Ndaona magalimoto a kampani atandandalika mpaka kumsewu, ndawawerenga. Mundipempherere. Komabe dzulo nditalowa m'nyumba mwawo kukasankha diresi loti tiwaveke, ndinafuna kutembenuka kuti ndiwafunse kuti akonda liti, ndipo panalibe womufunsa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuyang'ana kumene ali, kuti ndidziwe pamene ndili ine. Sindikudziwa kuti mawa ndiyang'ana kuti.

Malemu asiya alongo awo awiri, mkulu wawo mmodzi amene ndine, alamu atatu, ndi ana a abale awo khumi ndi anayi. Abale pokonza pepalali anasiya mzere umodzi wosalemba, poopa kundilakwira, anati ndidzaze ndekha. Ndadzaza. Malemu asiya mwana mmodzi wamkazi, ndi zidzukulu ziwiri. Mwanayo ndinamubala ndine, koma amayi ake ndi awa agona apawa.

Chitsirizira, mng'ono wanga, ulendo uno unali wanga poyamba, koma mwanditsogoleranso. Apumule mu mtendere.